Musafufute, musabuloke msanga: kusunga umboni wa nkhanza pafoni mpaka kukafika nawo kupolisi

Mtsikana wafika ku Victim Support Unit pa polisi ya Mulanje kapena ya Thyolo ndipo wafotokoza zonse: mwamuna wina wakhala akumuopseza pa WhatsApp kwa miyezi iwiri, akuti akamukana amwaza zithunzi zake. Wapolisi afunsa funso limodzi: "Mauthengawo ali kuti?" Apa m'pamene ambiri amagwetsa nkhope. Wina anawafufuta poopa kuti mayi ake awaona, wina anamubuloka munthuyo usiku womwewo n'kupukuta macheza onse ndi mkwiyo. Mlandu umene ukanayenda wangosanduka mawu a uyu ndi mawu a uyo.

Malangizowa ndi a mtsikana amene akuvutitsidwa ndi chibwenzi chakale, mphunzitsi, kapitawo wa kumunda wa tiyi, bambo omupeza kapena munthu wosamudziwa wa pa Facebook. Ndi a mnzakenso, azakhali ake ndi amayi a mother group amene akumuthandiza. Tsatirani masitepewa mmene alili. Kubuloka kuli pa nambala 7, ndipo sikunafike pamenepo mwangozi.

Zoti mukhale nazo

- Foni yanu, kaya ndi ya Android kapena kafoni ka mabatani.
- Kope laling'ono ndi bolopeni. Pensulo ayi, imafufutika.
- Imelo yatsopano ya Gmail imene wokuvutitsaniyo sakuidziwa.
- Bandulo ya intaneti yonse, ngakhale ya 100MB. Bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula Gmail.
- Munthu wamkulu mmodzi wosunga pakamwa, amene ali ndi foni yakeyake.
- Buku lanu la kuchipatala.
- Manambala awiri aulere oti muwaloweze pamtima: 116 ya nkhani za ana, ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Amayankha ndi alangizi a bungwe la YONECO.

1. Yambani mwadziwa amene akuwerenga nawo foni yanu

Ikani loko ya manambala 6. Chaka chobadwa musagwiritse ntchito, ndipo loko yojambula ndi chala ngati L kapena Z munthu amaiba ndi maso muli naye pa minibasi. Loko ya chidindo cha chala ili ndi vuto lake: mukagona, munthu angathe kutenga chala chanu n'kutsegulira.

Kenako tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu pamwamba, mulowe pa Linked devices. Mukapeza kompyuta kapena foni imene simukuidziwa, ndiye kuti wina akuwerenga mauthenga anu onse ali kwawo. Jambulani kaye zimenezo, kenako dinani Log out. Pitaninso pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ina.

Dzifunseninso kuti simu khadi yanu inalembetsedwa m'dzina la ndani. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, choncho atsikana ambiri amayenda ndi nambala yolembetsedwa ndi munthu wina. Ngati munthuyo ndi yemwe akukuzunzaniyo, akhoza kupita ndi chiphaso chake kukatenga khadi ina ya nambala yomweyo, yanu n'kufa. Pezani nambala ina m'dzina la mayi kapena azakhali.

*Chenjezo:* ngati mukukhala naye nyumba imodzi ndipo kusintha loko kungabutse ndewu, isiyeni mmene ilili. Gwiritsani ntchito foni ya munthu wamkulu uja pa zonse zotsatirazi.

2. Jambulani umboni lero lomwe, ndipo mujambule wathunthu

Pa mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Samsung, screenshot imatengedwa podina batani lozimitsira limodzi ndi lotsitsira mawu. Kudinako n'kosavuta. Pamene anthu amalakwa ndi pa zimene zikuoneka pachithunzipo.

Nambala ya munthuyo ioneke. Ngati munamusunga kuti "Sir" kapena "Wanga", dzina limenelo silitsimikizira kanthu. Dinani pa dzinalo mujambulenso tsamba loonetsa nambala yonse yoyamba ndi +265. Tsiku ndi nthawi zioneke. Macheza akakhala aatali, chithunzi chilichonse chiyambe ndi uthenga umene unatsiriza chithunzi cham'mbuyo, kuti pasapezeke wonena kuti munadula pakati. Musadule m'mbali, musazungulize mawu ndi utoto wofiira.

Mayankho anu nawonso asiyeni, ngakhale amene akukuchititsani manyazi. Mwina munamuyankhapo mokoma poyamba, mwina munamutukwana. Zilekeni zikhale. Macheza athunthu ali m'foni mwakenso, ndipo akadzaonetsa zimene inu munabisa, umboni wanu wonse anthu ayamba kuukayikira.

Changu n'chofunika pazifukwa izi. Wotumiza angathe kufufuta uthenga mbali zonse ziwiri kwa masiku pafupifupi awiri. Angathenso kutchera macheza kuti azizimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Status imatha pa maola 24. Chithunzi cha View once sichilola screenshot ndipo chimatseguka kamodzi kokha, ndiye musachitsegule muli nokha: dikirani pakhale foni ina yoti ijambule sikirini yanu.

Ma voice note amasungika bwino ndi Export chat. Muli m'machezawo dinani timadontho titatu, More, Export chat, Include media, mutumize ku imelo yanu ija. Akamakuimbirani, jambulani mndandanda wa mafoni obwera, ndipo mawu amene wanena alembeni m'kope akangodula.

Pa Facebook dzina ndi chithunzi munthu amasintha pa mphindi imodzi. Tsegulani tsamba lake, dinani timadontho titatu, mukopere linki ya akaunti yake n'kuisunga mu imelo. Ngati wakunyozani m'gulupu, dzina la gulupu lioneke.

Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba musawapepse. Amasonyeza tsiku, ndalama ndi nambala ya malondawo. Ngati anakutumizirani ndalama zokunyengererani kapena anakulipiritsani pokuopsezani, umboni wake ndi umenewo.

Wa kafoni ka mabatani asadzione wotsalira. SMS ndi umboni wabwino ndithu, koma timafoniti timadzadza msanga. Fufutani mauthenga otsatsa malonda, osati ake, ndipo mupemphe wina ajambule sikiriniyo nambala ikuoneka.

3. Lembani m'kope

Mutu umasokoneza masiku, makamaka munthu ukakhala ndi mantha. Chilichonse chikachitika lembani tsiku, nthawi, malo, mawu enieni ndi amene anaona. Mwachitsanzo: "Lachitatu, 5 koloko madzulo, panjira yodutsa m'munda wa tiyi pochokera kusukulu. Anandigwira dzanja, anati 'ukanena ndikuonetsa'. Mnzanga wa Fomu 3 anali kumbuyo kwanga."

Ngati wakumenyani, jambulani bala kawiri: chithunzi china chapafupi mutaika bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike, china chapatali nkhope ikuoneka. Jambulaninso pakapita masiku awiri, chifukwa pomenyedwa pamatupa ndi kuda pambuyo pake.

4. Umboni usakhale pamalo amodzi

Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imaphwanyidwa ndi yemwe akuopa zimene zili m'menemo. Tumizani zonse ku imelo ija, mukatha tulukanimo kuti isakhale yotsegula pafoni. Tumizaninso kwa munthu wamkulu uja, mutamuuza momveka: "Azakhali, ingondisungirani, musaonetse aliyense, ngakhale amalume." Kope lija lisungeni kwa iye kapena pakati pa makope akale a kusukulu.

Samalani ndi pochajitsa. Magetsi akathima, mafoni amaunjikana pa benchi ya mnyamata wa pamsika, kaya ndi pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe. Zimitsani foni musanaisiye, memore khadi muchotse muyende nayo. Chimodzimodzi kwa okonza mafoni ndi oika nyimbo: sikirini amatha kusintha osadziwa PIN yanu, ndipo akati akufuna kuyesa, tsegulani nokha muli pomwepo.

5. Akamakuopsezani ndi zithunzi zamaliseche

Musalipire. Wolandira K5,000 lero abweranso mawa akufuna K20,000, zithunzizo adakali nazo. Musatumizenso china pofuna kumupepesa. Wolakwa ndi iye, ngakhale chithunzicho munamutumizira nokha pamene munkakondana.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi sitepe 2. Ngati amene ali pachithunzipo sanakwane zaka 18, chithunzicho musachijambule, musachitumize kwa mnzanu, kwa aphunzitsi ngakhale kwa azakhali. Kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo wothandiza angadzipalamulire nazo. Jambulani mawu oopsezawo okha, lembani nambala, dzina la gulupu, linki ndi nthawi, kenako pitani ndi foniyo kupolisi akaone okha.

Pali njira ziwiri zaulere zotchingira zithunzi kufala. Wosakwana zaka 18 pamene chithunzicho chinkajambulidwa atsegule Take It Down pa takeitdown.ncmec.org; wa zaka 18 kapena kuposa atsegule StopNCII.org. Mumasankha chithunzicho m'foni mwanu, koma sichichoka m'fonimo. Chimene chimapita ndi chizindikiro cha manambala chimene Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito pozindikira chithunzicho wina akafuna kuchiika. Njirazi sizifika m'macheza a WhatsApp, choncho kumeneko lemberani admini wa gulupu mwachidule: "Zimene zaikidwazi ndi mlandu ndipo nkhaniyi ikupita kupolisi. Chonde zichotseni, muuze anthu asatumize kwina." Admini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina m'gulupu.

6. Pangani kagulu kodziteteza

Anthu atatu mpaka asanu akwana. Gulupu ya anthu 40 ndi msika, chinsinsi sichigonamo. Mwa anthuwo pakhale wamkulu mmodzi amene angafike ndi miyendo pamene muli, osati achemwali a ku Johannesburg okhaokha.

Gwirizanani mawu achinsinsi osadabwitsa munthu wowerenga nawo, monga "Mwagula chinanazi chija?", kutanthauza kuti ndiimbireni pompano ndipo mubwere. Gawananinso ntchito: uyu aimba foni, uyu auza makolo, uyu athamangira kwa a community policing. Mukapanda kugawana, aliyense amaganiza kuti mnzake wachita kale.

Pokwera kabaza madzulo kapena poyenda njira yayitali ya m'minda ya tiyi, tumizani Live location: dinani kachizindikiro kotumizira zinthu, Location, Share live location, musankhe mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Koma musaidalire yokha. Imafuna bandulo ndi netiweki, ndipo m'zigwa za ku Thekerani kapena m'mphepete mwa phiri intaneti imabwera ikafuna. Khalani ndi njira yachiwiri yosafuna bandulo: kuflasha katatu motsatizana, kapena SMS ya mawu amodzi. Yesani dongosololi tsiku lina kuli bata kuti muone amene amayankha msanga.

7. Tsopano bulokani

Umboni ukakhala mu imelo ndi kwa munthu wachiwiri, mutumizireni uthenga umodzi wokha: "Musandilemberenso kapena kundiimbira. Sindikufuna." Jambulani uthengawo. Umasonyeza kuti munakana poyera. Kenako mubulokeni, musayankhenso china chilichonse.

Mukadina Report, WhatsApp imalandira mauthenga asanu omaliza a munthuyo. Werengani bwino musanavomere, osadina chilichonse chonena za kufufuta macheza. Pa Settings, Privacy, sinthani Profile photo, Last seen ndi Groups zikhale za My contacts, kuti mlendo asakuponyeni m'gulupu.

Nthawi zina kubuloka si nzeru. Munthu amene akunena zokuphani kapena zokudikirani panjira ndi bwino muzidziwa zimene akulemba. Ikani machezawo pa Archive, muzimitse Read receipts, ndipo mupite kupolisi tsiku lomwelo.

8. Kukanena

Ngati mwagwiriridwa, yambirani kuchipatala, za foni zibwere pambuyo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oteteza mimba yadzidzidzi amagwira mpaka masiku 5, koma mphamvu yake imachepa tsiku ndi tsiku. Pitani ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, kapena chaching'ono chapafupi chimene chingakutumizeni. Musasambe, zovala musachape. Zikulungeni m'pepala kapena m'nyuzipepala, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuononga umboni. Ngati munasamba kale, pitanibe.

Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo musapite nokha. Nenani mwachindunji: "Bwana, ndabwera kudzadandaula. Munthu uyu wakhala akundiopseza kuyambira tsiku lakuti, umboni ndi uwu." Kudandaula kupolisi salipira. Lembani m'kope dzina la wapolisi amene wakulandirani, nambala ya mlandu ndi tsiku loti mubwerenso. Akafuna kusunga foni yanu ngati umboni, pemphani akulembereni kalata yosonyeza mtundu wa foniyo ndi tsiku. Nambala yachilendo isakufooketseni: simu khadi m'Malawi muno zimalembetsedwa, ndipo kufufuza mwini wake ndi ntchito ya apolisi, osati yanu.

Kudziwa lamulo kumathandiza wina akati "izi n'zapafoni chabe". Lamulo la 2016 lija limaletsa kuopseza, kusautsa ndi kulondalonda munthu kudzera pafoni kapena pa intaneti. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugonana naye, kusukulu ngakhale kuntchito, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende. Prevention of Domestic Violence Act ya 2006 imalola khoti la majisitireti kulamula wachibale, mwamuna kapena mkazi wankhanza kuti asakuyandikireni. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho ukwati wokakamiza mtsikana wa Fomu 2 ndi nkhani ya 116 ndi a ofesi ya Social Welfare pa boma.

Nkhani ikaima, musangokhala. Imbaninso 116 kapena 5600, munene tsiku limene munakadandaula ndi nambala ya mlandu, kapena pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo.

9. Zoika pa Facebook ndi zosaika

Mtima ukapsa, chala chimathamangira kuika chithunzi cha munthuyo ndi dzina lake kuti dziko lonse limudziwe. Ife timati dikirani. Mukatero mwamuchenjeza: afufuta akaunti, ataya simu khadi, mwina awoloka pa Muloza kulowa m'Mozambique. Angathenso kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo ndemanga za anthu nthawi zambiri zimatembenukira mtsikana yemweyo, kufunsa zimene anavala.

Masamba a mchezo amagwira ntchito bwino pa zina. Ikani 116 ndi 5600 pa status kawirikawiri, pamodzi ndi uthenga wa maola 72. Mnzanu amene sanauzepo munthu aliyense auwerenga mwakachetechete. Wina akaponya zithunzi za mtsikana m'gulupu ya kalasi kapena ya kwaya, atsikana asanu alembe nthawi imodzi kuti "chotsani, ife sitikuseka nawo", onse adine Report. Mawu a mmodzi amanyozeka, a asanu amamugwedeza admini. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, ndi nthawi yabwino yojambula voice note yachidule m'Chichewa kapena m'Chilomwe yoti ifike kwa amayi osawerenga. Nkhani ya mnzanu musaifotokoze popanda chilolezo chake, ngakhale mutabisa dzina. Mukangoti "wa Fomu 3 wokhala kuseri kwa chigayo", mudzi wonse wamudziwa.

Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kubweza foni kwa amene anaigula. Chibwenzi chikatha mwamuna amati "bweza foni yanga", ndipo mtsikana amaipereka umboni uli momwemo, Facebook ili chitsegulire. Tumizani kaye zonse ku imelo, tulukani m'maakaunti onse, chotsani simu khadi ndi memore khadi. Ngati nkhani ili kale kupolisi, afunseni iwo musanaipereke.

Kudalira GB WhatsApp poti imasunga mauthenga ofufutidwa. Si ya kampani ya WhatsApp, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa tsiku lililonse, macheza onse n'kupita.

Kumutchera msampha nokha: kuvomera kukumana naye kuti mumujambule mawu. Umboni umene muli nawo ndi wokwanira poyambira.

Kupereka nambala zisanu ndi imodzi zimene zabwera pa SMS kwa munthu amene akuti "zalowa kwa iwe molakwika". Amenewo ndi makiyi a WhatsApp yanu.

Kutumiza umboni kwa anzanu ambiri kuti akumvereni chisoni. Pofika mawa uli m'magulupu atatu, ndipo wofalitsa woyamba mwakhala inu.

Kufufuta zonse chifukwa akuluakulu akambirana. Amalume a mbali zonse akhala pansi, mwina mpaka kwa amfumu, kwaperekedwa nkhuku kapena ndalama, ndipo wina akuti "mwana iwe, fufuta zimenezo, nkhani yatha pachibale". Kugwiririra ndi kugona ndi mwana si milandu ya pabwalo la mfumu, ndi ya polisi ndi khoti. Ngati akukuumirizani muli pakati pawo ndipo kukana kungakuikeni pangozi, fufutani za m'foni akuona. Za mu imelo zija sakuzidziwa, ndipo 116 mukhoza kuimba mawa m'mawa popita kumjigo, pa foni iliyonse, ngakhale yopanda mayunitsi.